Mbuna imadya pamwala, ife tikuithirira dothi m'mbale

Mwana wa mchemwali wanga, mnyamata wa Fomu 3 amene foni sichoka m'manja mwake, anandipeza ndili pakhonde kuno ku Luchenza nkundipatsira foniyo. "Ankolo, taonani izi. Akuti ndi za kwathu kuno, zoona?" Pa TikTok panali mzungu wina akuonetsa thanki yagalasi m'chipinda chake chochezera. M'menemo munali tinsomba tachikasu ngati nthochi yakupsa, tina tabuluu tamizere yakuda, tikuthamangitsana m'miyala. Pansi pa kanemayo analembapo dzina la dziko lathu.

Ndinamuuza kuti eya, ndi za kwathu. Anandiyang'ana ngati ndikumunamiza, ndipo sindinamudabwe. Nsomba imene mwana wa ku Luchenza amaidziwa ndi youma, yotuwa, yoikidwa m'timilu pathumba pamsika: usipa, utaka, bonya, matemba a ku Chilwa, mwina mlamba wowamba pakutha pa mwezi. Chambo amangochimva m'nkhani za akuluakulu. Nsomba yachikasu yowala chonchija, kwa iye, ndi zinthu za kunja.

Kenako anafunsa funso lachiwiri: "Ndiye zimadya chani kuti zizioneka chonchi?"

Funso la mwanayu ndi limene landichititsa kulemba lero. Chaka chilichonse ukafika mwezi wa Novembala, nthambi yoona za nsomba imalengeza kuti yatseka usodzi wa makoka ena pa Nyanja ya Malawi kuti nsomba ziswane. Mawailesi amadzaza ndi nkhani za maukonde olandidwa ndi asodzi omangidwa, ife akumtunda nkumadandaula za mtengo wa ndiwo. Zonsezo n'zofunika. Koma mukamvetsa mmene tinsomba tokongolati timadyera, muona kuti theka la mlandu wa nyanja yathu silili m'madzi ayi. Lili kumtunda, m'mapiri ndi m'minda, ndipo pa nkhani imeneyo pamakhala zii.

Nsombazi dzina lake ndi mbuna. Kwa ife akumtunda mbuna ndi dzenje lotchera nyama, lija agogo ankakumba m'njira ya nguluwe nkuliphimba ndi masamba. Kwa Atonga a ku Nkhata Bay mbuna ndi tinsomba tokhala m'miyala, ndipo dzina lawolo ndi limene linafala dziko lonse lapansi. Zambiri sizipitirira kutalika kwa chikhatho cha munthu wamkulu. Siziyenda pakati pa nyanja ngati usipa. Kwawo ndi m'matanthwe a m'mphepete mwa nyanja ndi ozungulira zilumba: Thumbi, Domwe ndi Mumbo ku Cape Maclear, Maleri ndi Mbenji ku Salima, Likoma ndi Chizumulu, komanso magombe amiyala a ku Nkhata Bay. Mukamaona makanema a nsomba zamawangamawanga za m'nyanja zamchere ku Zanzibar kapena ku Australia, dziwani kuti ifenso tili nazo zathu. Kungoti zathuzi zili m'madzi opanda mchere.

Ine ndinaziona koyamba ndi maso ndili wamkulu kale, pa ulendo wakuntchito ku Cape Maclear. Mnyamata wa bwato anatiperekeza ku Thumbi nkundibwereka galasi lovala kumaso lija. Kusambira sindikudziwa bwino, ife tinakulira m'timitsinje tolekeza m'mawondo, ndiye ndinangogwira mwala ndi dzanja nkuviika nkhope. Chimene chinandigwira mtima si kukongola kokha. Kunali kutanganidwa. Nsomba iliyonse inali pantchito, mutu pamwala, ngati anthu othyola tiyi m'mamawa, aliyense pamzere wake, osacheuka.

Mwala wa m'nyanja umakutidwa ndi ndere, yoterera ija imakugwetsani pamtsinje mukamachapa. Ndereyo mukaiyang'anitsitsa ili ngati kamunda. Muli timaulusi tomera pamwala mwamphamvu. Pakati pa timaulusito pamakodwa tizomera ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Mkatimo mumabisalanso mphutsi za tizilombo ndi tinkhanu tochepetsetsa. Kamunda kameneka ndiye mbale ya mbuna. Katswiri wina wa ku Britain, Geoffrey Fryer, anakhala ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1950 akuyang'ana mano ndi matumbo a nsombazi, ndipo mu 1959 anasindikiza zimene anapeza: mitundu yambirimbiri imadyera pamwala umodzi womwewo, koma uliwonse uli ndi milomo yakeyake, mano akeake ndi kadyedwe kakekake.

Mayina ake ndi a Chilatini, mundipirire. Ubwino wake ndi wakuti mukawalemba pa YouTube muziona nokha zikudya.

Pali ina yotchedwa Labeotropheus fuelleborni. Ili ndi chimphuno chonenepa cholendewera kutsogolo, pakamwa pali kunsi kwa chimphunocho. Imakonda madzi osaya pomwe mafunde amamenya mwala. Imagoneka thupi motsatira mwalawo, mphuno ija nkukhala ngati potsamira, mano nkumameta ndere mpaka mwala kuyera. Ndi mlimi wopala ndi khasu ameneyu, sasiya kanthu. Mnzake wabuluu wamizere yakuda ngati mbidzi, amene akatswiri amangomutcha zebra, sachita choncho. Amalunjika mwala ndi mutu, kutsegula pakamwa ponse, mano nkumapesa ndereyo ngati chipeso m'tsitsi. Amatenga tizomera tokodwa tija, timaulusi nkutisiya pomwepo kuti mawa tidzakolenso tina. Tropheops imaluma ulusi nkugwedeza mutu cham'mbali, kuzula, monga mbuzi imachitira ndi udzu. Petrotilapia ili ndi milomo yokhuthala ndi mano ambirimbiri moti ngakhale itseke pakamwa manowo amaonekabe, ngati mswachi. Ndiye pali Labidochromis caeruleus, yachikasu ija ya pafoni, yokhala ndi mzere wakuda pachipsepse cha pamsana. Imeneyi mano ake ndi osongoka, otulukira kutsogolo. Ndere siifuna kwenikweni. Imatola tizilombo m'ming'alu ya miyala kamodzikamodzi, ngati nkhuku yotola chiswe.

Zodya nderezo zili ndi matumbo aatali, opindikapindika, kuposa kutalika kwa thupi kangapo, chifukwa chakudya chake n'chovuta kugaya. Azungu oweta nsombazi anaphunzira zimenezi movutikira. Akazipatsa chakudya chanyama chambiri zimatupa mimba nkufa, ndipo matendawo anawapatsa dzina la dziko lathu, amati Malawi bloat. Ndiye nditaona anyamata a mabwato akuwaza buledi m'madzi kuti nsomba zisonkhane alendo ajambule, ndinamvetsa kuti nawonso akusaka ya ufa, koma mtima wanga sunakondwe.

Musaganize kuti m'miyalamo muli alimi akhama okhaokha. Mulinso mbava ndi akamberembere. Genyochromis mento imadya mamba ndi zipsepse za nsomba zinzake. Imayenda nazo limodzi ngati mnzawo, kenako kuluma, ulendo. Ina yamizere yachikasu ndi yakuda ngati mavu, Pseudotropheus crabro, imagwira ganyu kwa kampango: imamuchotsa nsabwe za pakhungu, kampango nkungokhala phee. Koma kampango akaikira mazira, wa ganyu yemweyo amasintha maonekedwe, kuda bii, nkulowa m'phanga kukaba mazirawo. Timawadziwa anthu oterewa. Palinso kalingono, yemwe si mbuna koma amakhala moyandikana nazo. Thupi lake lili ndi mathothomathotho ofiirira ngati nsomba yoyamba kuwola. Amagona cham'mbali pamchenga ngati wafa. Kansomba kakabwera kudzanyomola mtembo, mtembo uja umadzuka.

Tsono za kukongola kuja. M'Chichewa mawu akuti mtundu timawagwiritsa ntchito pawiri: mtundu wa nsalu, wofiira kaya wobiriwira, ndi mtundu wa anthu, Mlomwe kaya Mmang'anja. Kwa mbuna ziwirizi ndi chinthu chimodzi. Yamphongo imakhala ndi mwala wake umene imauteteza, ndipo imavala utoto wowala kuti yaikazi iizindikire kuti uyu ndi wa kwathu. Nsomba ziwiri zimatha kufanana thupi lonse, mano ndi kadyedwe komwe, koma ngati imodzi ili ndi chipsepse chofiira ina chabuluu, yaikazi imasankha ya mbali yake. Ndiye ndinamuyankha mnyamata uja kuti utotowo kwenikweni si nkhani ya chakudya. Ndi nkhani ya chibwenzi. Anaseka, wa Fomu 3 amazidziwa zimenezo.

Pachipsepse chakunsi, pafupi ndi mchira, yamphongo ili ndi madontho achikasu ooneka ngati mazira. Yaikazi ikaikira mazira imawatola nkuwasunga mkamwa, kenako imalondola madontho aja ngati ndi mazira otsalira, ndipo apo mpamene yamphongo imathira mbewu yake. Mayiyo amafungatira mazira ndi tiana mkamwa pafupifupi masabata atatu, osadya. Chambo nachonso chimasunga ana mkamwa, nchifukwa chake khoka likakoka chambo chimodzi m'nyengo yoswana limakhala lapha banja lonse.

Chinthu china chofunika kwambiri: mbuna imaopa mchenga ndi madzi akuya. Siwoloka chisawawa. Tiana tikatuluka mkamwa mwa mayi timalowa m'ming'alu ya miyala yomweyo, kukulira pomwepo, kuswana pomwepo, kufera pomwepo. Nchifukwa chake zilumba zambiri zili ndi mitundu yakeyake yosapezeka kwina kulikonse padziko lapansi. Mu 1983 gulu la akatswiri lotsogoleredwa ndi Tony Ribbink linawerenga mitundu ya mbuna 196, ndipo kuchokera nthawi imeneyo yakhala ikupezekabe ina. Nyanja yonse akatswiri amaiyerekeza kuti ili ndi mitundu ya nsomba pakati pa 800 ndi 1,000, kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere.

Chitsanzo chimene chimandikhudza ine ndi kansomba kotchedwa Chindongo saulosi. Tamverani dzinalo. Chindongo ndi mawu a kunyanja komweko, ndipo saulosi ndi a Saulos Mwale, Mmalawi amene ankamira m'madzi kugwira nsomba pa kampani ya malemu Stuart Grant ku Salima. Yamphongo ndi yabuluu yamizere yakuda, yaikazi ndi yachikasu. Dziko lake lonse ndi thanthwe limodzi la pansi pa madzi lotchedwa Taiwanee Reef, kufupi ndi Chizumulu. Kanagwidwa mochuluka kutumiza kunja mpaka kanatsala pang'ono kutha, moti anthu achita kukaweta m'mathanki nkumakabwezera pathanthwe lake. Nsomba yokhala ndi dzina la Mmalawi, yodziwika kwa oweta nsomba ku Germany ndi ku America, koma ambiri a ife sitinamvepo.

Tsopano lumikizani zonsezi. Ndere ndi chomera, imafuna dzuwa. Utoto umafuna kuoneka. Chakudya cha mbuna ndi ukwati wake zonse zimadalira chinthu chimodzi: madzi oyera oti kuwala kudutse. Ndipo nsomba yake ndi yosatha kusamuka.

Apa mpamene dothi likulowera. Mtsinje wa Lilongwe umayambira m'nkhalango ya Dzalanyama, kumene kuotcha makala kunafika poti boma lichite kutumiza asilikali. Umadutsa mumzinda, nkukathira mu Linthipe, ndipo Linthipe amakathira m'nyanja ku Salima, pafupi ndi zilumba za Maleri, zomwe ndi mbali ya malo otetezedwa a Lake Malawi National Park. M'dzinja madzi ofiira amalowa m'nyanja kutali ndithu. Chakumpoto kuli Bua, Dwangwa, South Rukuru, North Rukuru ndi Songwe, yonse ikubwera ndi katundu yemweyo. Madzi akada, dzuwa silifika pansi. Matope akakhazikika amaphimba kamunda kaja pamwala. Nsomba ya mano opesera ndere singadzuke m'mawa nkuyamba kudya china, ndipo singathawire kuchilumba china chifukwa pakati pali mchenga. Katswiri wa konkuno Bosco Rusuwa, pamodzi ndi anzake a ku Japan, analemba kale mu 2006 za mmene kuchuluka kwa matope kukuonongera malo okhala nsombazi m'miyala ya m'mphepete mwa nyanja yathu. Si nkhani yatsopano. Kungoti ilibe chithunzi chokopa ngati cha ukonde ukuotchedwa pagombe.

Kumene njira imeneyi imathera kukuoneka ku Nyanja ya Victoria, imene imagawa Uganda, Kenya ndi Tanzania. Kumeneko nsomba za banja lomweli zinaonongeka kwambiri atabweretsamo chinsomba cholusa cha Nile perch m'zaka za m'ma 1950. Koma mu 1997 Ole Seehausen ndi anzake anasonyeza chinthu china choopsa mwakachetechete: kumene madzi ada, nsomba zimasiya kusiyanitsa utoto, zimakwatirana mwachisawawa, mitundu nkusakanikirana, zowala zija nkusanduka zotuwa. Palibe ukonde umene unazigwira. Mtundu umangozimirira ngati nsalu yochapidwachapidwa.

Wina afunsa kuti ife a ku Thyolo tikulowapo bwanji. Funso labwino, ndipo ndinene zoona: matope athu safika kunyanja. Thuchila amathira mu Ruo, Ruo amathira mu Shire ku Chiromo, kumunsi kwenikweni, ndipo Shire amatuluka m'nyanja, salowamo. Mbuna za ku Maleri sizinalawepo dothi la ku Luchenza.

Koma palibe amene angatiphunzitse ife za dothi lothawa. Tinaliona mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mapiri kuno, ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu ndi ku Blantyre. Timaliona chaka chilichonse Thuchila akafiira ngati thobwa la mawere. Ndipo chifukwa chake timachidziwa. Kwerani minibasi ku Limbe yodzera ku Thyolo boma muyang'ane pawindo. Mbali ina minda ya tiyi yobiriwira chaka chonse, dothi lophimbika, mitengo yosiyidwa m'makhwawa. Mbali ina anthu opanikizana pa timinda ta m'phiri totsetsereka moti polima umachita kuponda chitsa kuti usagwe. Nkhalango ya phiri la Thyolo inatha tikuona ndi maso, kachigawo kotsala kali m'dera la esiteti ya Satemwa. Amene anadula mitengoyo si anthu oipa mtima. Ndi anthu osowa malo, ena mwa iwo abale anga. Nchifukwa chake ndikamva wina wovala tayi akunena pawailesi kuti anthu akumudzi "asinthe kaganizidwe," ndimazimitsa. Munthu wa ku Dedza kaya ku Dowa amene akulima mpaka m'mphepete mwa mtsinje sakuganiza molakwika. Akuganiza za ana ake mu Febuluwale. Munthu wa ku Area 25 amene akugula thumba la makala akuganiza za magetsi ozimazima ndi mtengo wa gasi. Ndipo magetsiwo, mwa zina, amazima chifukwa matope ndi zinyalala zimatseka makina ku Nkula. Dothi lizimitsa magetsi, magetsi atumiza anthu ku makala, makala amasula dothi lina. Kumapeto kwa mzerewu kuli kansomba kabuluu kakufunafuna ndere pansi pa matope.

Sindikunena kuti maukonde alibe mlandu. Mu 2018 bungwe la IUCN linaunika mitundu 458 ya nsomba za m'nyanja yathu nkupeza kuti 9 pa 100 iliyonse ili pachiopsezo chachikulu chotha, ndipo mitundu itatu mwa inayi ya chambo ili m'gulu la zotsala pang'ono kutheratu. Chambo chatha ndi makoka, apo palibe kutsutsa. Maneti oteteza udzudzu amene anaperekedwa kuti ana asadwale malungo ena anathera kunyanja, kusesa tiana ta nsomba m'madzi osaya. Ndipo apa ife a ku Luchenza tilimo ndithu, chifukwa msika ndife. Tikamagula kasawala tikudya chambo cha chaka chamawa. Ineyo ndimagula. Thumba likakana, mayi wogulitsa akandiuza kuti "abambo, lero zotsika mtengo ndi izi," sindiyamba kumulalikira za chilengedwe.

Ngati mukuganizabe kuti kadyedwe ka nsomba ndi nkhani ya azungu a magalasi, mverani iyi. Nsomba za banja limeneli zili ndi nsagwada zachiwiri pammero. Ina yokhala pamchenga, Trematocranus placodon, nsagwada zake zapammerozo zili ndi mano ophwatalala ngati mphero, ntchito yake kuphwanya nkhono. Jay Stauffer wa ku Pennsylvania State University ndi anzake akhala akufufuza ku Cape Maclear kwa zaka zambiri, ndipo kuyambira m'ma 1990 akhala akusonyeza kuti pamene makoka anachepetsa nsomba zodya nkhonozi, nkhono zinachuluka pamchenga, kuphatikizapo ina yotchedwa Bulinus nyassanus imene inapezeka kuti imasunga tizilombo ta likodzo. Magombe amene kale ankadziwika kuti ndi abwino kusambako anayamba kupatsa anthu likodzo, ndipo ana ambiri a sukulu m'mudzi wa Chembe anapezeka nalo. Zifukwa zina zilipo, monga kuchuluka kwa anthu ndi kusowa kwa zimbudzi. Koma taganizani: mwana akukodza magazi, ndipo mbali ina ya chifukwa chake ndi nsomba imene inasowa pantchito yake.

Chimene chimandivuta ndi mmene tagawira udindo. Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980 makamaka chifukwa cha mbuna, ndipo mu 1984 UNESCO inaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse. Koma madzi ake otetezedwa amalekeza mamita 100 kuchokera pagombe. Mamita 100. Mlonda wa paki atha kuthamangitsa msodzi wolowa m'malirewo, ndipo ku Maleri anthu okonda nsombazi anachita kumiza zitsulo zong'amba maukonde. Nanga matope aziwathamangitsa bwanji? Nsomba ili m'manja mwa nthambi yoona za usodzi ndi lamulo lake la 1997. Paki ili m'manja mwa oona za nyama zakuthengo. Mitengo ili kwa a nkhalango. Munda wa m'mphepete mwa mtsinje uli kwa a zaulimi ndi amfumu. Ofesi iliyonse ili ndi chikwangwani chake ndi tsiku lake lokondwerera. Mwala wokutidwa ndi matope ulibe ofesi.

Chaka ndi chaka, kuyambira mu Disembala, nduna ndi aphungu amajambulitsa atagwira kamtengo ndi khasu latsopano. Timamva chiwerengero cha mitengo yobzalidwa. Chiwerengero chimene ndikufuna kumva ine ndi cha mitengo imene ili moyo mu Okutobala, mbuzi ndi moto zitadutsapo, makamaka m'mphepete mwa Lilongwe, Linthipe ndi Bua. Ndipo ndikanakonda kuti tsiku lolengeza kutseka nyanja, pambali pa mkulu wa za nsomba pazikhalanso ma DC a ku Dedza, Lilongwe, Dowa, Ntchisi, Kasungu ndi Mzimba, chifukwa maboma amenewa, afune asafune, ndi a kunyanja. Madzi awo amathera kumeneko. Si chilungamo kuti msodzi wa ku Salima azimangidwa chifukwa cha khoka, pamene dothi lochokera makilomita ambirimbiri likuphimba malo odyera nsomba popanda wofunsidwa.

Zoti anthu wamba angathe kusamala nyanja, umboni ulipo. Pachilumba cha Mbenji, a mfumu yaikulu Makanjira ndi anthu awo akhala akutseka usodzi m'nyengo ya mvula kuyambira m'zaka za m'ma 1950, kale kwambiri mawu akuti pulojekiti asanafale. Ku Nkhata Bay bungwe la Ripple Africa lakhala likugwira ntchito ndi makomiti a asodzi kulanda maneti ndi kuteteza malo oswana chambo. Zimatheka pamene wosamala akuona phindu lake, monga msodzi wa ku Mbenji amaona utaka chilumba chikatsegulidwa. Vuto la matope ndi lakuti wolipira ali ku Dedza, wopindula ali ku Salima. Mlimi amene mukumuuza kuti asiye dimba lake la m'mbali mwa mtsinje sadzaiona mbuna mpaka kufa kwake. Popanda kumupatsa china chogwirika, kaya mpope wothirira patali ndi mtsinje, kaya mbande za zipatso zoti adzagulitse, mukungomupempha kuti agone ndi njala chifukwa cha nsomba ya pa TikTok.

Ndiye pali nkhani ya ndalama, poti masiku ano chilichonse timachiyeza ndi ndalama zakunja. Nsomba zambiri zogulitsidwa m'masitolo a ku Ulaya ndi ku America pa dzina la Malawi sizinabadwire kuno. Zimawetedwa ku Florida, ku Czech Republic ndi m'mayiko a ku Asia. Agogo ake okha ndi amene anachokera kwathu. Mzungu wa pafoni uja mwina sanalipire ngakhale tambala imodzi kwa Mmalawi. Ife a ku Thyolo zimenezi sitizimva zachilendo: tiyi wathu amachoka m'matumba akuluakulu nkukasakanizidwa kunja m'timapaketi ta mayina a eni ake. Chimene mlimi wa nsomba wa ku Florida sangapange m'thanki ndi chimene ndinaona ine ku Thumbi, mitundu makumimakumi pamwala umodzi, m'madzi oti umaona pansi uli m'bwato. Chipani chilichonse pa kampeni chimatchula zokopa alendo. Chimene mlendoyo amalipirira ndege ndi madzi oyerawo. Ndipo musaiwale kuti mu 2011 boma linapereka ziphaso zofufuzira mafuta panyanja pomwepa, UNESCO nkudandaula. Nkhani imeneyo imagona nkumadzuka.

Komanso sizindisangalatsa kuti mwana wa ku Luchenza akumva za mbuna kwa mlendo wa pa TikTok. Ku Cape Maclear kuli malo a paki ophunzitsirako za chilengedwe. Masukulu athu akapeza ndalama ya ulendo, ambiri amathera pamchenga ku Mangochi, kujambulitsa, kudya, kubwerako. Mphunzitsi mmodzi atabwereka magalasi khumi nkuviika nkhope za ana m'madzi kwa mphindi zisanu, phunziro la Biology la teremu yonse lingalowe tsiku limodzi.

Mnyamata uja anandimvera mpaka pakati, kenako anafunsa zimene ndinkayembekeza: "Koma zimadyedwa?" Ndinamuuza kuti zimadyedwa, koma angafunike mulu wonse kuti nsima ithe. Anafunsa thiransipoti yopita ku Cape. Tinawerengera pafoni yake yomweyo: Luchenza kufika Limbe, Limbe kudzera Zomba ndi Liwonde kufika Mangochi, Mangochi kufika Monkey Bay, kenako njinga yamoto kukwera phiri lija. Kupita ndi kubwera, anthu awiri. Anaimba mluzu. Tagwirizana kuti akakhoza bwino tidzapita m'chilimwe, mvula isanayambe, nthawi imene madzi amakhala oyera kwambiri.

Chimene sindinamuuze ndi chakuti yachikasu imene anaikonda ija sakaipeza ku Cape. Kwawo ndi kumpoto kwa Nkhata Bay, pamiyala ya ku Lion's Cove, ndipo thiransipoti ya kumeneko sindinayambe n'komwe kuiwerengera.